Kiyi wa Pijo ya Che Aufi

Lachitatu m'mawa ndinali pamzere kuchigayo cha kuseri kwa msika, ndiye kumbuyo kwangaku a Liness ogulitsa tomato aja akunong'onezana ndi mnzawo. Ine za eni ake sindimvetsera dala, kungoti makutu angawa amatola okha. Akuti Shamsia wagulitsa galimoto ya bambo ake Che Aufi, Pijo ija, kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, abwera kudzayiphwasula Loweruka. Akuti chifukwa chake n'chakuti Che Aufi maso anapita kalekale, akungoyendetsa mwachizolowezi, moti sabata yatha anagunda mbuzi panjira ya ku Thambani osadziwa n'komwe kuti agunda kanthu.

Za mbuzizo ndinakana mumtima. Che Aufi ndakhala nawo mpanda umodzi zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo akanagunda mbuzi akanaima kukapepesa kwa mwini wake, mwinanso kwa mbuzi yomweyo. Koma za masozo sindikanatha kukana. Mwezi wathawu anandipatsa moni kawiri m'mawa umodzi, kachiwiriko akupatsa chitenje changa chomwe ndinayanika pachingwe.

Nditagayitsa ndinabwerera kunyumba osadzera kumsika, kuti ndikaone ngati galimotoyo ikadalipo. Inalipo. Inaima pamalo pake pansi pa mtengo wa mapeyala, atayifunditsa lona padenga, mwini wake ali pampando pambali pake akuothera dzuwa.

Mwina ena simukuwadziwa Che Aufi. Ndi mdala wamtali uja wa kachipewa koyera ka kumzikiti, woyenda ataweramira kutsogolo pang'ono ngati akumvetsera chinachake pansi. Anabadwira pa boma pompano. Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo ndipo ankafuna kuti mwana adzatenge mashini, koma mwanayo mtima unali pa malole opita ku Tete. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anakwera lole ina n'kukatsikira ku Limbe, komwe anayamba ndi kutsuka masipanala m'galaja. Kenako anakhala dalaivala wa mmwenye wina wa sitolo ya nsalu, n'kumuyendetsa zaka khumi ndi ziwiri osakanda ngakhale penti. Bwanayo posamukira kunja anawafunsa chomwe akufuna chotsanzikirana. Anzawo anawalangiza kuti anene malata a nyumba. Iwo analoza galimoto yomwe ankayendetsa ija, Pijo 404, ya mtundu ngati tiyi wochuluka mkaka. Nkhaniyi anandiuza ndi akazi awo, malemu mayi Asiya. Ankati atafika nayo kuno mu 1986 anagona zaka zinayi m'nyumba ya udzu yodontha, galimoto ili ndi shedi yake yabwinobwino.

Kuyambira pamenepo Pijo ija yatigwirira ntchito tonse. Akwati a m'dera lino, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, ambiri anakwera m'menemo. Lucia wanga atayamba kumva kupweteka pa mimba yake yoyamba, masana dzuwa lili pamutu, Che Aufi anasiya chakudya m'mbale n'kukaliza injini ine ndisanamalize kupempha. Nyengo ya manachesi ankapita uko kwa Kanduku, m'misewu yomwe anyamata a matakisi amakana, n'kubwera buti itadzaza, galimoto ikununkhira sabata yathunthu. Koma malamulo analipo. Chitseko sumenyetsa, umakankha ndi zala ziwiri mpaka chilire kuti kha. Chimanga chootcha sudyera mkati. Ndipo lalikulu kwambiri, chiwongolero sagwira munthu wina aliyense. Kunabwera bwana wina wa pa maofesi apa, wa tayi ndithu, kupempha kuti angozungulira nayo pabwalo la mpira kamodzi. Anamupatsa tiyi, anamuonetsa injini, anamuperekeza mpaka pageti, basi.

Makaniko wake ndi iwo omwe. M'mawa uliwonse akachoka ku swala kumzikiti amatsegula boneti, n'kutenga sikuludiraiva yaitali, nsonga kuika pa injini, chogwirira kuika kukhutu, kenako n'kutsinzina. Ine poyamba ndinkayesa zamankhwala. Anandiuza kuti injini imanena yokha pomwe pakuwawa, bola iwe ukhale chete. Gasiketi amadula okha pa katoni ya nsapato. Zitsulo zina amaitanitsa kwa mnzawo wa ku Zobwe, zina amasunga m'zitini za mkaka, ndipo chitini chilichonse amadziwa zomwe zili mkati pongochigwedeza. Magalimoto a anthu a m'dera lino amawadziwa ndi kulira kwake. Ali m'nyumba amatha kunena kuti uyo ndi uje akubwera, ndipo mapulagi ake atha. Ukatuluka kukaona, ndi uje yemweyo.

Mnzawo wapamtima, yemwenso ndi mdani wawo pa nkhani ya magalimoto, ndi a Kinsley a kutsidya kwa msewu. Iwowa kale ankakatenga magalimoto a ku Japani kudoko n'kuwayendetsa mpaka kuno, panopa anapuma chifukwa cha msana. Madzulo alionse awiriwa amatulutsa mipando kunja kwa geti n'kumayang'ana msewu wochokera kuboda, pomwe magalimoto olowa kumene m'dziko amadutsa mondondozana asanaikidwe manambala akuno. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda ndikusankha nyemba, ndiye zonse zimandipeza.

A Kinsley amati galimoto ya masiku ano imalemekeza munthu. Mkati mozizira bwino, mafuta kungonyambita, ukamabwerera m'mbuyo kakanema kakukuonetsa zonse zakumbuyo. Amati Pijo imamwa petulo ngati ili pa ukwati, ndipo ukafika nayo ku Blantyre mikono imakhala itatupa ndi chiwongolero. Che Aufi amati zatsopanozo si magalimoto, ndi mafoni a matayala. Ikakwiya pakati pa tchire sungayikhudze, uyenera kukhala pamthunzi kudikira munthu wa kompyuta achoke m'tauni. Amati bampala ya pulasitiki ndi beseni losambira, ndipo galimoto yosintha yokha magiya imapusitsa mwendo wakumanzere. Tsiku lina ndinawamva akuti:

"Achimwene, yanuyo ikafa mumaimba foni. Yangayi ikafa ndimangovula malaya."

"Nanga Che Aufi, chaka chino mwavula malaya kangati?"

Anaseka onse mpaka kutsokomola, mawa lake n'kuyambiranso pomwepo. Koma ine ndikudziwa zomwe aliyense amabisira mnzake. A Kinsley anandiuzapo pamaliro ena kuti m'zaka zonse zomwe anayenda pamsewu sanamvepo injini yolira mosalala ngati ya Pijo ija, n'kundichenjeza kuti ndisakanene. Ndipo Che Aufi ndinawaonapo ndi maso angawa atatsamira pachitseko cha galimoto ya mwana wawo, akudina batani la windo, kukweza, kutsitsa, kukweza, kutsitsa, akuyesa palibe akuwaona.

Mwana wawoyo ndiye Shamsia uja, womaliza, yekhayo amene anatsala kuno ku Mwanza. Amagwira ntchito kuboda, ya mapepala a magalimoto olowa, ndipo amakhala komweko ndi banja lake. Kukonda magalimoto anatengera bambo ake, koma analowa mpingo wa a Kinsley, wa magalimoto atsopano. Yake ndi yasiliva, yaotomatiki, ya mtundu uja woti ikamayenda pang'onopang'ono imayendera batire, moti imafika pakhomo ngati mphaka. Ilibe ndi polowetsa kiyi pomwe. Amangodina batani, kakiyiko kali m'chikwama, ndipo popanda kakiyiko galimotoyo ndi mwala.

Lachitatu lomwelo chakumadzulo Shamsia anagogoda kwa ine. Anakhala pampando m'khitchini osavula n'chikwama chomwe, ndiye ine ndinangofunsa mosazungulira za anyamata a zitsulo aja. Anadziphimba kumaso. Anati palibe chomwe wagulitsa. Chinachitika n'chakuti Lolemba bambo ake anapita ndi Pijo kumsika n'kukwera thumba la mbatata la munthu poimika, iwo osaliona. Iye atamva anathamangirako, ndipo muukali ananena pamaso pa a Liness kuti galimoto imeneyi aiperekera kwa a zitsulo. Anali mawu chabe, koma anafika kwa mdalayo iye asanafike n'kunyumba komwe.

Kenako anandiuza nkhani yeniyeni. Bambo ake ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Madokotala a maso ochokera ku Blantyre amabwera pachipatala pano tsiku limodzi lokha pa chaka, ndipo tsikulo linali mawa lake, Lachinayi. Dzina la Che Aufi linalembedwa kale. Akaphonya ndiye kuti adikira chaka chamawa, pomwe anawauza kuti diso lakumanja likachedwa likhoza kuwonongekeratu. Mdalayo kupita sanakane, koma anati apita akuyendetsa okha Pijo yawo, apo ayi sapita. Galimoto ya Shamsia anakana, takisi anakana, kabaza anakana, kuyenda pansi anakananso ngakhale chipatala chili pafupi pomwepa.

Atatero anatulutsa kiyi m'chikwama, wa kachingwe kachikopa, mano ake atatha ngati a nkhalamba.

"Anti, mundisungire kiyiyu mpaka mawa. Akaona kuti palibe, agonja, akwera yanga."

Ndinamufunsa ngati akudziwa chomwe bambo ake akukanira. Anati ndi liuma basi, ndi mmene alili. Ine ndinamuuza zomwe ndinamva masana omwewo kudzera pampanda. Che Aufi ankauza a Kinsley kuti tsiku lomwe adzatuluke pageti n'kuisiya Pijo yokha, pobwera adzapeza dontho la oilo pansi basi. Shamsia anagwetsa misozi pang'ono. Anati wawauza katatu konse kuti sangaigulitse, koma sakumukhulupirira. Kiyi uja ndinamumanga pakona ya chitenje changa.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu, kuzizira kwa mu Juni kuja koti mtengo wa mapeyala umaoneka ngati chithunzithunzi. Isanakwane seveni Shamsia anafika. Galimoto yake anaimika chopingasa pageti penipeni pa bambo ake, kuti atseke njira, n'kuyamba wadzera kwa ine kuti tikawanyengerere limodzi. Ndikuvala juzi tinamva Pijo ikutsokomola kamodzi, kawiri, kenako n'kulira bwinobwino. Tinayang'anana. Ndinagwira pakona ya chitenje, kiyi ali pomwepo.

Zinadziwika pambuyo pake kuti polowetsa kiyi pa Pijo ija panakula kalekale, chilichonse chophwatalala chimapotokola. Kiyi ankamugwiritsa ntchito mwaulemu chabe. M'mawa umenewo atamusowa pamsomali, anangotenga supuni ya tiyi.

Tinathamanga. Tikuzungulira mpanda tinaona Pijo ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, Che Aufi mkono uli pampando, mutu atatembenuzira kumbuyo monga amachitira nthawi zonse. Shamsia anakuwa, koma mawindo anali otseka chifukwa cha kuzizira. Galimoto yasiliva m'nkhungu, yoti inafikanso osalira. Tinangomva kuti phwa.

Anazimitsa injini n'kutuluka. Anafunsa kuti ndani waika mgolo pageti pawo.

"Ndi galimoto yanga, ababa."

Anayenda atagwira m'mbali mwa Pijo mpaka kumbuyo, n'kuwerama kuyamba kupapasa. Anapapasa galimoto ya mwana wawo, bampala itang'ambika, nyali itasweka, magalasi ali mbwee pansi. Anapapasa yawo, bampala yachitsulo ili gwa, yopanda ndi chipsera chomwe. Tsiku lina lililonse akanaitana a Kinsley kuti adzaone. A Kinsleywo anali atafika kale, atavala chijasi pamwamba pa zogonera. Ndinawaona akutsegula pakamwa, ine n'kuti basi, kakanema kakumbuyo kaja katchulidwa tsopano. Koma anangovula chipewa n'kupereka moni wa m'mawa.

"Yafika nthawi yanji?" anafunsa Che Aufi. "Ine sindinaimve."

Shamsia anati yangofika kumene.

"Akanakhala mwana wa sukulu," anatero motsitsa mawu, osayang'ana aliyense.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pa buti. Shamsia anawauza kuti za galimoto aiwale, ikonzedwa, ikuyendabe, chachikulu akatenge jekete azipita mzere usanatalike. Iwo anati Pijo sitsala. Iye anati chabwino, koma iwo sayendetsa, ngakhale atamutukwana pamaso pa anthu. Awiriwa liuma lawo ndi limodzi, ndipo nthawi imapita. A Kinsley ankangotembenuza chipewa m'manja.

Kenako Che Aufi anatembenukira komwe kumachokera mawu a mwana wawo.

"Kusukulu yoyendetsa kuja anakuphunzitsa kilatchi?"

"Anandiphunzitsa, koma ndi kale, ababa."

"Mwendo suiwala. A make Lucia, mpatseni kiyi uja. Supuni si ya alendo."

Ine manyazi anandigwira mpaka m'mapazi. Ndinafunsa kuti adziwa bwanji kuti ali kwa ine. Anati mpanda womwe ndimamvera nkhani zawo uja umadutsa mawu mbali zonse ziwiri. A Kinsley anaseka mpaka kugwira msana, ndipo n'kuseka komweko komwe kunatimasula tonse. Ndinamasula kiyi n'kumupatsa Shamsia.

A Kinsley anasuntha galimoto yasiliva ija n'kukaiika pakhomo panga. Che Aufi analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete ndi nsapato za Lachisanu, n'kuzungulira kutsogolo kwa Pijo kupita mbali yakumanzere. Anafufuza chogwirira chitseko kanthawi ndithu, chifukwa dzanja silinazolowere mbali imeneyo. Atangokhala anadzuka msanga n'kupapasa mpando.

"Pali chitsulo apa chikubaya. Chayamba liti?"

"Ndili ku pulayimale chinalipo kale," anatero Shamsia.

Anandifunsa ine ngati ndi zoona. Ndinati dera lonse limachidziwa chitsulo chimenecho, timangokhala chopendekera kuchitseko, nanga munthu wakutenga ulere ungadandaule mpando.

"Mayi ako osanena?"

"Ankapinda chitenje n'kuikapo."

Ndinavula shawelo yanga kuti ndiwapindire, koma anakankha dzanja langa pang'ono n'kukhala pomwepo, pachitsulo pomwe, n'kutseka chitseko.

Ndiye kuyendetsako, abale. Giya wa Pijo ali pachiwongolero, osati pansi, ndipo Shamsia anamuyang'ana ngati nyanga ya ng'ombe. Bambo ake anaika dzanja lawo pamwamba pa lake n'kumulowetsera livesi. Anatula kilatchi msanga, galimoto inadumpha n'kuzima. Analiza kachiwiri, inazimanso. Ine ndinkadikira kuti mdala akalipa, chifukwa munthu wongomenyetsa chitseko amamukalipira mpaka mawa. Koma anangotsinzina, mutu atapendeketsa, n'kumanena pang'onopang'ono kuti onjezera moto, imva mmene ikulirira, tsopano tula mwendo ngati ukutsitsa mwana wogona. Kachitatu inayenda. Inatuluka pageti chammbuyo, a Kinsley ali pamsewu akuongolera ndi chipewa, geti linatsala pang'ono kupita nayo. Pamsewu inazimanso kamodzi, anthu opita kumsika ataima kuonerera Che Aufi ali mbali yolakwika. Kenako inanyamuka chodumphadumpha kulowera kuchipatala, mpaka tinasiya kuiona m'nkhungu muja, kumangoimva.

Ine tsiku lonse ntchito sinagwirike. Ndinasesa magalasi aja pageti, ndinachapa, ndinatuluka kumsewu mwina kasanu. A Kinsley anatulutsa mpando wawo masana, nthawi yomwe satulutsa, n'kukhala okha.

Cha m'ma folo tinamva injini ikubwera ikulira mokweza ngati ikupempha thandizo. A Kinsley anati ameneyo ndi giya wachiwiri, wachokera naye kuchipatala osasintha. Anali Shamsia yekha. Asanatsike n'komwe anatiuza pawindo kuti anafika nthawi yabwino, diso lakumanja alichita, madokotala akuti zayenda bwino, agona komweko ndipo bandeji amasula m'mawa. Lakumanzere adzaliona ulendo wina. Anati mdalayo polowa sanafunse za opaleshoni ngakhale funso limodzi, anangofunsa ngati waimika pamthunzi. Potuluka, ndi diso lomata, anamutuma kuti Pijo akaiike pansi pa mapeyala, aifunditse lona, asapite nayo kuboda, ndipo mawa pobwera atenge pulayala ndi waya za m'chitini chachitatu kuchokera kukhomo, kuti mpando uja aukonze akangotuluka.

Polowa pageti analowa chokhota, mphuno ya galimoto n'kukaima pafupi ndi khola la nkhuku, kutali ndi mtengo. Pofunika kubwerera m'mbuyo pang'ono, livesi osapezeka. Anakoka uku, anakankha uku, giya kumangolira. Anafunsa a Kinsley kuti amuonetse. Iwo anakanda m'mutu n'kuvomera kuti zaka zonsezi akutsutsana ndi galimoto imeneyi sanaloledwepo ngakhale kusuzumira bwinobwino pachiwongolero chake. Ndiye Shamsia anachotsa giya n'kugwira chiwongolero, ine ndi a Kinsley ndi msana wawo womwewo tinagwira boneti n'kukankha. Imalemera galimoto ija. Tinapuma kawiri tisanaifikitse pamthunzi, ndipo a Kinsley anapukuta ndi mkono wa chijasi pomwe tinagwira paja, akuti mawa munthuyo akhala akuona.